Momwe mungasungire nsomba ndi zomera mu thanki ya galasi kuno ku Blantyre

Akwariyamu, thanki ya galasi yosungiramo nsomba, yokhala ndi zomera zamoyo imatheka ndithu kuno ku Blantyre, bola muikonze mukukumbukira kuti magetsi amathima, komanso kuti mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa kumazizira zedi. Zida zodula zopopera mpweya wa CO2 zomwe mumaziona pa YouTube zisiyeni kaye. Chomwe chimapirira kwathu kuno ndi thanki ya zomera zambiri koma nsomba zochepa.

Choyamba ndi thanki. Ya masentimita 60 mulitali, 30 mulifupi ndi 36 kupita mmwamba imalowa malita pafupifupi 60, ndipo ndiyabwino kuyambira. Kathanki kakang'ono kamavuta chifukwa madzi ochepa sachedwa kuipa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mukaonjezapo mchenga, miyala ndi galasilo mukupitirira makilogalamu 70. Tebulo likhale lolimba, losapendama, komanso patali ndi windo lolowa dzuwa, apo ayi ndere zikuta galasi lonse.

Pansi yalani dothi lakuda masentimita 2, lopanda manyowa kapena feteleza, kenako mulikwirire ndi mchenga wokhakhala masentimita 4. Mchengawo utsukeni mu ndowa mpaka madzi aziyera, koma sopo ayi, ngakhale pang'ono. Wa mu Mudi musautenge, mtsinje uja umanyamula zonyansa za mumzinda. Mwala uliwonse udonthezereni vinega: ukachita thovu ndiye kuti uli ndi laimu, udzasintha madzi anu, usiyeni.

Madzi a pampopi a Blantyre Water Board, omwe ambiri amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, amathiridwa klorini. Klorini amapsereza makha a nsomba ndi kupha mabakiteriya omwe thanki imadalira. Thiranimo mankhwala ochotsa klorini, kapena asiyeni mu ndowa yosavindikira kwa masiku awiri. Podzaza, ikani mbale pamwamba pa mchenga n'kumathira madzi pa mbaleyo kuti dothi lisavunduke.

Zomera sankhani zosavuta. Vallisneria, yamasamba aatali ngati udzu, imamera yokha m'malo a mchenga mu Nyanja ya Malawi ndipo imayanga msanga. Anubias, yochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndi Java fern ya ku Asia zimakula ngakhale kuwala kuli kochepa, koma zili ndi lamulo lake lomwe anthu ambiri amaliphonya. Zili ndi tsinde lonenepa logona chopingasa pomwe masamba ndi mizu zimatulukira. Tsinde limenelo mukalikwirira mumchenga limaola. Limangirireni pamwala ndi ulusi wosokera, pakapita milungu ingapo mizu imagwira yokha. Dzalani zambiri tsiku loyamba lomwelo kuti zilande chakudya ndere zisanayambe.

Zida zofunika ndi zitatu: fyuluta yosefa madzi, nyali ya LED ndi hita yotenthetsa madzi. Fyuluta ya siponji yoyendera kapampu ka mpweya ndiyotchipa ndipo sidya magetsi ambiri. Nyali iziyaka maola 6 mpaka 8 patsiku, osapitirira. Hita ya mawati 50 mpaka 75 imakwanira malita 60, muitchere pa madigiri 25. Ena amati hita ndi kutaya ndalama poti kuno n'kotentha, koma usiku wa mu Julayi ku Chigumula kapena ku Bangwe si wamasewera, ndipo nsomba zikazizidwa zimagwidwa matenda a timadontho toyera. Mu Okutobala nkhani imatembenuka: tsegulani chivindikiro pang'ono madzi asatenthe kwambiri.

Tsopano dikirani, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalephera. Ndowe za nsomba zimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni. Mabakiteriya okhala mu siponji amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi woopsa, kenako gulu lina limamusandutsa nitrate, yemwe zomera zimadya. Kuti mabakiteriyawa achuluke pamatenga milungu 4 mpaka 6. Nthawi yonseyi fyuluta izigwira ntchito mulibe nsomba, inu muzingoponyamo kachakudya ka nsomba kochepa masiku ena kuti kaole. Ngati mnzanu ali ndi thanki yakale, mupempheni akufinyireni siponji yake m'madzi anu. Matope abulauni amenewo amafupikitsa nthawi.

Nsomba ziyambe zisanu kapena zisanu ndi imodzi, zazing'ono monga guppy kapena platy. Mtima umafuna mbuna poti ndi zathu komanso n'zokongola, koma mbuna zimakumba mchenga, kuzula zomera ndi kudya masamba ofewa, zimamenyananso m'malo ochepa. Zimafuna thanki yaikulu ya miyala, ndi nkhani ina imeneyo. Chakudya chikhale choti chithe m'mphindi ziwiri, kamodzi patsiku.

Magetsi akathima musadyetse nsomba. Ngati muli ndi kapampu ka mpweya ka USB, kalumikizeni ku power bank. Ngati mulibe, tungani madzi ndi kapu n'kuwathira kuchokera mmwamba kangapo ola lililonse kuti mulowe mpweya. Kukakhala kozizira, fundikani thanki bulangete.

Mlungu uliwonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi ndi kapayipi, mubwezere atsopano opanda klorini. Siponji izifinyidwa m'madzi omwe mwachotsawo, osati pampopi. Zomera zomwe mwadulira musaziponye mu ngalande kapena mumtsinje, taonani mmene namasupuni, yemwe kwawo ndi ku South America, wavutitsira mu Shire mpaka kutseka makina a magetsi ku Nkula. Ziyanikeni padzuwa ziume, kenako muziotche.