Momwe mungalirire munthu wodwala khansa amene munkangomudziwira pa foni

Pali anthu amene amalemba pa Facebook za khansa yawo: maulendo a ku chipatala cha Kamuzu Central, tsitsi kuthothoka chifukwa cha kemo (mankhwala amphamvu a khansa), nsima kukana kutsika kummero. Mwawerenga miyezi yambiri osaonana nawo, kenako mukumva kuti atisiya. Mtima kuwawa n'koyenera, koma maliro ali ndi eni ake, ndipo inu muziyenda kumbuyo kwawo.

Choyamba, dikirani achibale alengeze okha. Kwathu kuno uthenga umayamba wafika kwa mwini mbumba ndi kwa amfumu. Musathamangire kuika chithunzi cha malemu pa WhatsApp pomwe mayi awo ku Lobi kapena ku Mayani sanauzidwe. Akalengeza, lembani mawu ochepa: "Pepani anamfedwa, zolemba zawo zinkandilimbitsa." Zofunsa kuti anamwalira bwanji zisiyeni.

Chachiwiri ndi chipepeso, ndipo apa khalani tcheru. Atamwalira mayi wina wa ku Ntcheu amene ambiri tinkawerenga nkhani zake za khansa ya khomo la chiberekero, ife amayi a pa Dedza boma tinasonkha ndalama n'kutumiza pa nambala imene inkazungulira m'magulu. Ndalamayo kusiwa sinafike. Mbava inangotenga chithunzi cha malemu ali pabedi la kuchipatala n'kulembapo nambala yake. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa mayiyo anasiya ana aang'ono.

Ndiye chitani izi. Airtel Money ndi Mpamba amaonetsa dzina la wolandira musanaike PIN, liwerengeni. Koma dzina lokha silokwanira, a Phiri ndi a Banda ndi ambiri. Imbani nambalayo. Funsani mudzi umene kuli maliro, dzina la amfumu, mpingo wa malemu ndi tsiku loika. Wachibale weniweni amayankha mosavutika ngakhale akulira. Wakuba amakuthamangitsani: "Tumizani pompano, bokosi latsala kwa kalipentala." Akatero dulani foni. Njira yachidule imene ndimadalira tsopano ndi kufufuza munthu wa mpingo wawo, mkulu wa mpingo kapena mayi wa Chigwirizano kapena wa Mvano, kuti akapereke pamanja, dzina la gulu lanu lilembedwe m'kope la zipepeso. Kaya ndi K2,000 kaya K5,000, onjezerani yotapira kwa ejenti kuti anamfedwa alandire yathunthu.

Pa nthawi ngati imeneyi amatulukiranso ogulitsa zitsamba za m'mabotolo, akumati malemu akanamwa zawo bwenzi ali moyo. Musawayankhe, ndipo nambala zawo musapatse wodwala aliyense. Botolo limodzi limadya ndalama ya thiransipoti yopitira ku Lilongwe, pomwe morphine wochepetsa ululu amaperekedwa ku zipatala za boma.

Chachitatu, ngati maliro ali pafupi ndi msewu wa M1, pitani. Mangani chitenje, tengani shuga kapena ufa, ndiwo mugule pa Lizulu poti kabichi ndi wotsikirako mtengo. Khalani pamene akhala anzanu a m'mudzi, osalowerera m'nyumba ya siwa ngati mbale. Akakufunsani kuti ndinu ndani, nenani zoona, kuti munkawerenga zimene ankalemba. Foni ikhale m'chikwama, kumanda sitijambula.

Zotsalazi ndi zachidule. Zolemba za malemu musazifalitse musanapemphe achibale. Pakatha mwezi aimbireninso, chifukwa nthawi imeneyo anthu amakhala atabalalika. Ndipo ngati malemu ankakuuzani zokayezetsa, pitani pa chipatala cha Dedza kapena cha Ntcheu mukafunse za VIA, kuyeza khomo la chiberekero ndi viniga, n'kwaulere ndipo sikutenga nthawi. Ana aakazi a zaka 9 akalandire katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019.