Momwe mungalawire ma truffle a chokoleti n'kudziwa abwino

Truffle ndi kampira ka chokoleti kokhala ndi ganache mkati, kutanthauza chokoleti chosakaniza ndi kirimu wa mkaka. Opanga ambiri amathira magalamu 100 a kirimu pa magalamu 200 a chokoleti chakuda, kenako n'kugubuduza timipirato mu ufa wa koko kapena kutiviika m'chokoleti chosungunula. Popeza muli kirimu, mukamagula funsani tsiku lomwe anapanga, chifukwa opanda mankhwala osungira sachedwa kuwonongeka pakatha masabata awiri.

Choyamba, musalawe ozizira. Atulutseni mufiriji mphindi 30 musanayambe, koma bokosi likhale lotseka mpaka kuzizira kutatha. Mukatsegula msanga amachita thukuta, madziwo amasungunula shuga wapamwamba, ndipo akauma pamatsala timadontho toyera tokhakhala. Kutentha koyenera ndi madigiri 18 mpaka 20. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, lawani m'mamawa.

Musapitirire asanu nthawi imodzi. Yambani ndi osathira kanthu; a khofi, mowa kapena tsabola abwere pomaliza. Pakati pake tsukani mkamwa ndi madzi ofunda pang'ono.

Dulani aliyense pakati ndi mpeni wakuthwa. Ambiri amalumpha apa, komatu mpamene ntchito ya wopanga imaonekera. Chigoba cha oviikidwa m'chokoleti chikhale chopyapyala, chonyezimira, chosweka kuti thwa. Ganache akhale wosalala, wogundana ndi chigoba popanda mpata, chifukwa m'mipata ya mpweya ndi momwe nguwi imayambira. Mizere yotuwa pamwamba ndi mafuta a koko omwe anasungunuka ndi kutentha n'kuumanso. Sadwalitsa, koma kukoma kumakhala kutachepa.

Nunkhizani theka lodulalo. Fungo la mkaka wosasa kapena la anyezi wa mufiriji, kanani.

Tsopano ikani palilime, lumani kamodzi kokha, ndipo dikirani. Mafuta a koko amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34, pansi pa kutentha kwa thupi, choncho truffle wabwino amatha yekha mkamwa osasiya kanthu. Mukamva ngati phula lamatirira kumwamba kwa kamwa, ndiye kuti anagwiritsa ntchito mafuta ena otchipa m'malo mwa a koko. Timibulu tonga mchenga timasonyeza kuti ganache analekana pophika kapena wakhalitsa. Mukameza, musafulumire kumwa madzi: koko wabwino amamvekabe kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo, pomwe wochuluka shuga amangosiya ludzu.