Fereti akamatsegula m'mimba, buledi ndi mkaka si mankhwala

Kuyambira mu Malichi kuno ku UK ndakhala ndikuona mafereti, tinyama toweta tofanana ndi kanyimbi, obwera kuchipatala cha ziweto ataonda mpaka nthiti kuwerengeka, ndipo eni ake mawu ndi amodzimodzi, ati tinkaona ngati ndi nyengo. Inde, fereti amanenepa nthawi yozizira kenako kunja kukayamba kufunda amatsika thupi, izi aliyense woweta akuzidziwa, koma wotsika thupi chifukwa cha nyengo amadya bwinobwino, amadumphadumpha m'nyumba ndipo chimbudzi chake chimakhala chogwirana. Chomwe chikundinyansa ine ndi chakuti kanyama kakutsegula m'mimba sabata ndi sabata koma m'malo mopita nako kwa dokotala wa ziweto anthu akunyika buledi mu mkaka ati m'mimba mukhazikike. Ngakhale anzathu a kumudzi amene ana awo anawakakamiza kugula fereti atengera zomwezo kwa maneba, ena mpaka kuphika phala.

Abale, fereti ndi m'bale wake wa kanyimbi, chakudya chake ndi nyama basi. Matumbo ake ndi aafupi kwambiri moti chimene wadya chimatuluka pakangotha maola 3 kapena 4, alibe nthawi yogaya ufa, ndipo shuga wa mu mkaka wa ng'ombe thupi lake silimutha, ndiye inu mukuthira mkaka m'matumbo omwe atupa kale mukuyembekezera chani? Amatsegula kwambiri, madzi amatha m'thupi, ndipo kanyama kolemera kilo imodzi kapena osakwana n'komwe sikachedwa kufooka. Choipa china mkakawo umabisa matenda enieni chifukwa mukafika nako kuchipatala sitidziwanso kuti kutsegulaku ndi kwa matenda kapena kwa chakudya, timayamba kaye kudikira zanu zija zichoke, masiku akupita.

Ndipo matenda ake si amodzi. Pafupifupi fereti aliyense amakhala ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter mustelae m'chifu, kamangokhala phee mpaka tsiku lomwe wapanikizika kapena wadwala china ndiye kamayambitsa zilonda. Mukamva akukukuta mano, akuchucha dovu, akukanda kukamwa ndi zala, chimbudzi chakuda bii chonanda, amenewo ndi magazi, osati wadya zakuda ayi. Chikakhala chobiriwira choterera makamaka mutangobweretsa kafereti katsopano pakhomo timaganizira ECE, matenda a coronavirus ya mafereti omwe amavutitsa kwambiri akuluakulu pomwe kamwana kobweretsa matendako kali gwa. Chikakhala cha timibulu ngati njere za mawere ndiye kuti chakudya chikungodutsa osagayika, nthawi zambiri ndi kutupa kwa matumbo kokhalitsa kuja amati IBD, koma khansa ya lymphoma imaonekanso chimodzimodzi ndipo kusiyanitsa ziwirizi kwenikweni mpaka adule kachidutswa ka thumbo akapime.

Mkulu wina wa pafamu cha ku Yorkshire, amene amaweta mafereti osakira akalulu, anandiuza mwamphamvu kuti agogo ake ankadyetsa buledi ndi mkaka moyo wawo wonse ndipo palibe anafa. Ndinawafunsa kuti bambo, nanga akalulu omwe ankagwidwa aja mitu ndi zam'kati ankadya ndani? Anangoseka. Fereti wawo wamkazi anali atatha mwezi akudya monyinyirika, atamujambula ndi kumung'amba anapeza mpira wa ubweya utatsekereza m'chifu, paja inali nyengo yosoloka ubweya ndipo fereti sasanza ubweya kawirikawiri monga amachitira mphaka. Mafereti aang'ono ndiye amameza labala, za m'makutu zomvera nyimbo, mabatani a rimoti, chilichonse chofewa. Buledi angachotse zimenezo?

Nazonso ndalama zimapita. Wobwera msanga mwina kungopima chimbudzi kuona ngati muli tizilombo monga coccidia kapena giardia, mankhwala, kubwerera kwawo. Wochedwa ndiye dilipi, kupima magazi, sikani, kugonekedwa, mwinanso opaleshoni, ndipo mitengo ya madokotala a ziweto kuno mukuidziwa nokha. Enanso mumatenga mapilitsi anu a m'kabati, ibuprofen imapha fereti, musayerekeze. Prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, wotsala kwa galu nayenso ayi, mukam'patsa asanapimidwe amatha kubisa lymphoma ija adokotala osaiona.

Zochita ndiye izi mwachangu. Siyani mkaka, buledi, zipatso ndi zotsekemera zonse lero lomwe. Mupatseni chakudya cha mafereti chenicheni cha nyama yambiri kapena nkhuku yophika yopanda mchere yopera ndi madzi ofunda, pang'onopang'ono pafupipafupi, osamusala kudya, komanso osasinthasintha zakudya tsiku lililonse poti amakakamira zomwe anazolowera ali mwana. Muyezeni pa sikelo ya kukhitchini sabata iliyonse n'kulemba. Jambulani chimbudzicho pa foni, tengani chatsopano m'kabotolo, funsani dokotala amene amaona mafereti chifukwa si onse. Akakupatsani mankhwala a Helicobacter, monga amoxicillin ndi metronidazole, malizani onse ngakhale metronidazole amawawa ndipo adzalavula thovu. Koma akasiyiratu kudya, kapena chimbudzi chada, kapena sakuchita n'komwe, pitani tsiku lomwelo ngakhale ndi Lamulungu.