Mmene mungasangalalire 6 July ndi anzanu kunyanja ku Nkhotakota

Ngati chaka chino mwapangana ndi anzanu kuti holide ya 6 July mukaidyere kunyanja kuno ku Nkhotakota, choyamba dziwani kuti July si October. Anthu ambiri akamva kuti kunyanja amangoganiza dzuwa lija la pa Mothers' Day, amabwera ndi kabudula ndi vesiti basi, kenako 5 koloko ikakwana mumawaona akunjenjemera. Ino ndi nyengo ya mwera, mphepo ija yochokera kummwera, ndipo ikayamba imatha kuomba masiku angapo osapuma, nyanja yonse kuchita thovu. Ndiye juzi tengani, chitenje chofunda tengani, ndipo pulogalamu yanu yonse muyikonze moganizira mphepoyi.

Za ndalama malizani msanga. Tsegulani gulu la pa WhatsApp, musankhe munthu mmodzi wosunga chikwama, aliyense atumize msonkhemsonkhe wake pa Airtel Money kapena Mpamba kudakali sabata ziwiri. Zoti "ndidzapereka konko" musalole ayi, ndi zimene zimadanitsa anthu. Malo ogona bukiranitu, makamaka 6 July ikagwa Loweruka kapena Lamulungu poti holide imasunthira Lolemba ndiye anthu amachuluka. Kuchokera ku Lilongwe mudzera ku Salima kenako msewu wa M5, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200, nyamukani mmamawa.

Tsopano nsomba, apa ndiye pagona nkhani. Mwera ukakula asodzi salowa pamadzi, ndipo akapanda kulowa chambo chimasowa, chimene chapezeka mtengo wake umakwera zoopsa. Ndiye musamange mtima pa chambo chokha. Tumani anthu awiri alawirire kugombe mabwato akamakocheza, asadikire kuti dzuwa likwere chifukwa nthawi imeneyo ogula opikulitsa amakhala atasesa kale. Mukapeza kampango tengani, mcheni tengani, utaka kapena usipa wauwisi nawonso ndi ndiwo yabwino kwabasi ukakazingidwa ndi tomato ndi anyezi. Poona nsomba tsegulani makha, akhale ofiira, maso owala, mukaidina ndi chala mnofu ubwerere. Ngati kugombe kulibe kanthu yesani ku Chia, pamsewu paja pamlatho nthawi zambiri pamakhala ogulitsa nsomba. Ndipo chonde ponenerera mtengo musamunyoze msodzi, munthuyo wagona pamadzi usiku wonse kukuzizira.

Mbaula ndi makala bwerani nazo, musadalire magetsi. Mbaula muyiike kuseri kwa khoma kapena kwa galimoto, apo ayi mphepo imaliza makala nsomba isanapse ndipo mchenga udzadza mmbale. Nsima yake ikhale ya kondowole, mwabwera ku Nkhotakota eti, ndipo ngati pagulu panu palibe wodziwa kuvundula pemphani mayi wina wa pamalopo akuphikireni mumupatse kangachepe, chifukwa kondowole akaphikidwa ndi wophunzira amachita mibulu. Amene sakumufuna, mpunga wa kuno ndi wonunkhira, ugulidwe pamsika. Mbatata, nzimbe ndi mtedza nazonso ino ndi nyengo yake.

Koma ine chimene ndimalimbikira kwambiri ndi ichi, musangofikira mmowa ndi sipika ngati ndi wikendi wamba. Mmawa wa tsikuli, nsomba zili mu kula bokosi, tengani maola awiri muyende mtauni. Pitani pamtengo wa mkuyu uja uli ku mishoni ya Anglican, pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe, mfumu yachiswahili imene inkachita malonda a akapolo kuno, mu 1863 kukamba zoti malonda a akapolo athe. Gombe lomweli limene mukufuna kukajambulirapo zithunzi ndi pomwe anthu athu ankakwezedwa mmabwato atamangidwa, kuwaolotsa nyanja ulendo wa ku Kilwa, doko la ku Tanzania, ambiri osabweranso. Mukaima pamenepo mawu oti ufulu amalemera mwina. Komanso kuno komwe, nthawi imeneyo azungu akulemba kuti Kota Kota, ndi kumene chipani cha Malawi Congress Party chinachitira msonkhano wake waukulu mu 1960, Dr Kamuzu Banda atatuluka kundende ya Gweru ku Zimbabwe. Ndipo deti limeneli silinangosankhidwa mwangozi, Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 July 1958, dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964, kenako linakhala lipabuliki pa 6 July 1966. Kaya mumakonda chipani chanji, mbiri imeneyi ndi yathu tonse. Ngati pali agogo pafupi amene anaona 1964 ndi maso awo, apatseni moni mwaulemu, muwafunse kuti agogo tsikulo kunali bwanji kuno, mudzamva zinthu zoti mmabuku a kusukulu mulibe.

Mukabwerera kugombe zikani mbendera pamtengo wansungwi, yakuda, yofiira ndi yobiriwira ija ya dzuwa lotuluka, muyimbe nyimbo ya fuko musanadye. Ena adzayamba ndi manyazi koma ikafika pakati onse amakhala alowa. Ana akakhalapo afunseni tanthauzo la mitunduyo, wakhoza mumugulire fanta.

Zosambira ndikambe mosabisa. Mafunde a mwera amakoka, ndipo munthu amene waledzera asalowe mmadzi olo atanena kuti anakulira kunyanja. Funsani eni malo kuti posambira pabwino ndi pati, pewani pamabango ndi pamathiriro a mitsinje poti ndi pomwe pamakhala ng'ona ndi mvuu, komanso nkhono za likodzo zimakonda madzi odekha a mmabango momwemo. Wina akabwera ndi boti kuti akuyendetseni, onani kaye nyanja, funsani ma jekete opulumutsira, akati palibe musakwere basi. Nthawi zambiri mmawa nyanja imakhalako bwino kusiyana ndi masana, ndiye ofuna kusambira asachedwe. Masana mphepo ikakula sewerani mpira pamchenga, bawo, makhadi, kapena pitani mukaone madzi otentha a ku Mawira. Amene muli ndi galimoto ndi tsiku lowonjezera, nkhalango ya Nkhotakota ili pafupi, kuja anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017.

China, tauni ino ili ndi Asilamu ambiri. Zovala zosambira zithere kugombe, polowa mumsika azimayi mangani chitenje, abambo valani malaya, ndipo sipika itsike mukakhala pafupi ndi mzikiti. Ngati pagulu panu pali Msilamu, nyama mugule yozingidwa mwachisilamu kuti nonse mudye mbale imodzi. Mabotolo ndi majumbo tolerani mu thumba mupite nazo, madzi omwewo anthu a pano amachapira ndi kutsukira mbale.

Pobwerera, woyendetsa akhale amene sanalawe ngakhale kamodzi, mumusankhiretu pa WhatsApp paja musananyamuke. M5 ili ndi malo opapatiza, makabaza, oyenda pansi ndi mbuzi zili mbwee, ndiye nyamukani dzuwa lisanalowe, kapena mugone mudzapite mawa lake.