Mmene mungafufuzire tanthauzo la liwu lakuti hymneo ngakhale simunaphunzire Chigiriki

Ine Chigiriki sindinachiphunzire m'kalasi. Zomwe ndimagwiritsa ntchito ndi Baibulo, kope, pensulo ndi foni. Komabe ndi zimenezi ndinamvetsa vesi limene ndinakhala ndikulidumpha kwa zaka zambiri, Mateyu 26:30, lonena kuti Yesu ndi ophunzira ake ataimba nyimbo anatuluka kupita kuphiri la Azitona. Kodi kunali kuimba kotani usiku ngati umenewo?

Yambani ndi kupeza liwu lachigiriki limene linamasuliridwa kuti “ataimba nyimbo” pamodzi ndi nambala yake. Tsegulani Baibulo la interlinear, lija limaika liwu lachigiriki pafupi ndi liwu lomasuliridwa. Pa intaneti, Blue Letter Bible ndi yaulere. Pavesi limeneli mupeza hymnesantes, lochokera ku mneni hymneo, nambala G5214. Manambalawa anachokera m'buku la James Strong la mu 1890, ndipo phindu lake lalikulu ndi kukulozerani malo onse pamene liwulo likupezeka. Tanthauzo lalifupi lolembedwa pambali pa nambalayo muliwerenge ndithu, koma musathere pomwepo.

Tsopano lembani mavesiwo m'kope. Mu Chipangano Chatsopano hymneo likupezeka kanayi kokha: Mateyu 26:30, Maliko 14:26, Machitidwe 16:25 ndi Ahebri 2:12. Pavesi lililonse dzifunseni kuti akuimba ndani, akuimbira yani, nanga zinthu zili bwanji pa nthawiyo.

Pa Machitidwe 16:25 musafulumire. Paulo ndi Sila ali m'chipinda chamkati cha ndende ku Filipi, misana ili mikwingwirima yokhayokha, mapazi ali m'zigologolo, nthawi ndi pakati pa usiku. Luka, wolemba buku la Machitidwe, analemba m'Chigiriki kuti hymnoun ton Theon. Yang'anitsitsani mawu atatuwa: palibe liwu lakuti “nyimbo”. Mneniyo walunjika pa Mulungu mwachindunji, monga mmene ife timanenera kuti ankatamanda Mulungu. Kapangidwe kake kakusonyezanso kuti sanangoimba kamodzi n'kusiya, ankaimbabe, uku akupemphera, akaidi anzawo atatchera khutu. Ine pamenepa ndi pamene ndinalemba m'kope mwanga kuti hymneo ndi kutamanda Mulungu poimba, ndipo ndinadula mzere pansi pa dzina la Mulungu.

Vesi likagwira mawu a Chipangano Chakale, bwererani komwe achokera. Ahebri 2:12 yatenga mawu a Salimo 22:22, onena za kutamanda Mulungu pakati pa msonkhano. M'Chihebri liwu lake ndi halal, lomwe limamveka mu Aleluya. Ayuda amene anamasulira Malemba awo m'Chigiriki, kumasulira kotchedwa Septuagint, anaika hymneo pamalo amenewo. Umboni wachiwiri ndi umenewo. Kumbukiraninso kuti salimo limeneli ndi lija limayamba ndi kulira kwa munthu wofunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira, mawu amene Yesu anafuula ali pamtanda.

Mukatero bwererani kwa Mateyu ndi Maliko. Pa mwambo wa Pasika Ayuda amaimba Masalimo 113 mpaka 118, otchedwa Hallel, ena chakudya chisanayambe, otsalawo atatha kudya. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amati nyimbo ya usiku umenewo inali mbali yomaliza ya masalimo amenewa. Werengani Salimo 118 mokweza, muli ndi Getsemane m'maganizo. Muli mawu onena za mwala umene omanga nyumba anaukana, ndi a munthu wonena kuti sadzafa koma adzakhala ndi moyo. Ine sinditha kuliwerenga osaima kaye pa vesi 17. Muonanso kuti hymneo silikutanthauza mtundu umodzi wa nyimbo wosiyana ndi masalimo, chifukwa salimo lenilenilo likhoza kuimbidwa motero.

Chenjezo langa lili pa liwu lathu lakuti kuimba. Ife timaimba nyimbo, timaimba ng'oma, timaimba belu, mneni ndi mmodzi yemweyo. Chigiriki chili ndi hymneo, ado ndi psallo, ndipo onsewa akafika kwa ife amabisala m'liwu limodzi. Choncho musaganize kuti paliponse pamene pali “kuimba” pali hymneo. Pa Chivumbulutso 5:9 pali ado, lomwe ndi kuimba ndi mawu basi.

Psallo linandipunthwitsapo. Nditawerenga kuti poyamba linkatanthauza kukoka chingwe ndi chala, komanso kuti mu Septuagint ndi limene lili pa 1 Samueli 16:23 pamene Davide akuimbira Sauli zeze, ndinaphunzitsa gulu lathu lophunzira Baibulo kuti paliponse pamene lili pali choimbira. Bambo wina wachikulire anandifunsa modekha kuti, “Aphunzitsi, nanga pa 1 Akorinto 14:15, pamene Paulo akuti adzaimba ndi mzimu ndiponso ndi nzeru, choimbiracho chili pati?” Ndinali nditadalira chiyambi cha liwu, osawerenga mavesi ake onse, pomwe mawu amasintha tanthauzo zaka zikamapita.

Mukamaliza hymneo, tsegulani tsamba latsopano la psallo, nambala G5567, ndipo mufunse mafunso atatu omwe aja. Mavesi ake ndi Aroma 15:9, 1 Akorinto 14:15 pamene lili kawiri, Aefeso 5:19 ndi Yakobo 5:13.