Momwe timu yakutali ingasainire osewera abwino

Kutalikirana ndi mizinda ikuluikulu kumaivutitsadi timu pamsika wa osewera, koma chimene wosewera amakana si mtunda weniweniwo. Amaopa maola a m'basi ndi m'ndege, nyumba yomwe sanaione, sukulu ya ana, ntchito ya mkazi wake, komanso kuti akakafika kumeneko matimu akuluakulu amuiwala. Chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala ake, ndipo kungokweza malipiro ndiye mankhwala ofooka kuposa onse.

Yambani ndi kuwerenga masiku. Tengani ndandanda wa masewero a chaka chonse, ndipo pa masewero aliwonse akoyenda lembani nthawi yonyamuka, yobwerera ndi usiku wogona kunja. Mu ligi ya matimu 16 muli maulendo 15. Ngati uliwonse ukudya masiku atatu, wosewera akhala masiku 45 asali pakhomo, osawerengera zikho. Ena zimawakulira kuposa apa: Perth Glory ya ku Australia ikamakakumana ndi Wellington Phoenix ku New Zealand imayenda makilomita oposa 5,000. Chiwerengerochi muuzeni wosewera musanakambe za ndalama. Mukamubisira, ejenti wake awerenga yekha, ndipo akayamba kukayika ndi zina zonse zomwe mwanena.

Kenako sankhani amene kutalikako sikungamupweteke kwambiri. Woyamba ndi mnyamata wa zaka 19 mpaka 23 yemwe akuolera pabenchi kutimu yaikulu: njala yake ndi yosewera, osati ya mzinda. Wachiwiri ndi mwana wa m'deralo amene anapita kwina ndipo mtima ukumukokera kwawo. Wachitatu ndi wochokera kunja, poti kwa iye dziko lonselo ndi lachilendo kale. Wovuta ndi wa zaka 28 kapena 30 wokhala ndi nyumba ndi ana apasukulu mumzinda waukulu. Ameneyu amasaina, banja n'kutsala, ndipo pakatha miyezi inayi wayamba kupempha tchuthi pafupipafupi.

Bodø/Glimt ya ku Norway ndi yoyenera kuiphunzira. Tauni ya Bodø ili kumpoto kwa Arctic Circle, kudera lozizira la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, bwalo lake la Aspmyra ndi la kapinga wopanga, koma pansi pa mphunzitsi Kjetil Knutsen timuyi inatenga ligi mu 2020, 2021, 2023 ndi 2024, ndipo mu 2021 inathibula Roma 6-1. Jens Petter Hauge ndi Patrick Berg, ana a komweko, anagulitsidwa ku AC Milan ndi ku Lens, pambuyo pake n'kubwerera. Victor Boniface anafika kuchokera ku Nigeria mu 2019, anapita ku Union Saint-Gilloise mu 2022, chaka chotsatira ali ku Bayer Leverkusen. Mnyamata amene akukayika mumuonetse njira yotereyi, ya osewera amene anadutsa patimu panu: analowa liti, anasewera kangati, anapita kuti.

Kontirakiti ikhale ndi khomo lotulukira. Malamulo a FIFA salola yoposa zaka zisanu, ndipo kwa wosakwana zaka 18 malire ndi zaka zitatu. Kwa mnyamata amene mukuyembekeza kudzamugulitsa, zaka zitatu kapena zinayi ndi zabwino. Ya chaka chimodzi imangomukonzera timu ina kuti idzamutenge ulere. Lembanimo mtengo umene timu ina ikalipira mudzamumasula popanda kukokana, komanso gawo lanu akadzagulitsidwanso, mwina 10 mpaka 20 pa 100 iliyonse. Nyumba, matikiti opitira kwawo kangati pachaka, ndi amene adzalipire kusamutsa katundu, zonse zilembedwe. Zolonjezana pakamwa ndi zomwe zimayambitsa milandu.

Malipiro asachedwe. Timu ikakhala ndi ngongole ya miyezi iwiri, wosewera ali ndi ufulu woichenjeza m'kalata, kuipatsa masiku osachepera 15, kenako n'kuthetsa kontirakiti. Osewera amauzana, ndipo mbiri ya kusalipira imafika kutali kuposa basi yanu.

Osewera obwerekedwa kumatimu ena amathandiza kutseka mipata, koma musamange nawo timu. Kubwereka sikupitirira chaka chimodzi, ndipo kuyambira July 2024 FIFA imalola osewera asanu ndi mmodzi okha obwerekedwa kuchokera kumayiko ena panthawi imodzi, kupatulapo achichepere ena ophunzitsidwa patimu yawo. Awiri kapena atatu akwana.

Pali njira yachidule imene imakopa akuluakulu a matimu ambiri: kusamutsira zokonzekera kufupi ndi mzinda waukulu, timu n'kumangobwera kwawo tsiku la masewero. Anzhi Makhachkala ya ku Russia inachita zimenezi. Osewera ake, kuphatikizapo Samuel Eto'o amene anafika mu 2011, ankakhala ndi kukonzekera kufupi ndi Moscow, n'kumauluka kupita kwawo kwa timuyo ku Dagestan kukasewera masewero apakhomo. Mwini wake Suleyman Kerimov atadula ndalama mu 2013, akatswiri anabalalika ndipo timu inatuluka mu ligi mu 2014. Ku Scotland, Inverness Caledonian Thistle inalengeza mu 2024 kuti izikonzekera ku Kelty, makilomita oposa 200 kuchokera kwawo. Masapota anakwiya mpaka ganizolo linathetsedwa. Vuto lake n'lakuti masewero apakhomo nawonso amasanduka akoyenda, ndipo achinyamata a timu yaing'ono saonananso ndi akuluakulu awo pabwalo.

Musanasainirane, muitaneni wosewera pamodzi ndi mkazi wake adzakhale masiku awiri, makamaka nyengo imene deralo silikoma. Aone nyumba yeniyeniyo, osati chithunzi, ayende ulendo wochoka panyumbapo kukafika kubwalo, ndipo acheze ndi wosewera wina amene anabwera chaka chatha, inu mulibepo. Akasaina, sankhani munthu mmodzi patimu woti foni yake iziyankhidwa pa nkhani za nyumba, sukulu, chipatala ndi ziphaso kwa miyezi itatu yoyamba.