Tingamuitane bwanji phungu wathu kuti tikambirane naye?

Mwafunsa kuti phungu wanu sanaonekenso kumudzi kwanu ku Mangochi chisankhireni, ndiye mungatani kuti abwere mudzakambirane za msewu ndi mijigo yowonongeka. Kumuchotsa pampando nthawi isanakwane n'kosatheka, poti gawo 64 la malamulo oyendetsera dziko lino, lomwe linkapatsa anthu ovota mphamvu yochotsa phungu wawo, linachotsedwa mu 1995. Chotsala n'kumukhazika pansi.

Yambani ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwanu (VDC). Gwirizanani nkhani ziwiri kapena zitatu basi. Mukamusenzetsa makumi awiri, adzatola zophweka n'kuzemba zinazo. Zikatero nkhaniyo ipite ku komiti ya chitukuko ya dera lonse (ADC), mfumu yaikulu idziwe, kenako mulembe kalata yoitana phungu ndi khansala. Ina yofanana nayo ikasiyidwe ku ofesi ya DC ku Mangochi Boma.

Tsiku musankhe mwanzeru. Lachisanu masana anthu ali kumzikiti, m'mamawa asodzi ali padoko ndi usipa wawo. Onetsetsaninso kuti aphungu sakukumana ku Lilongwe sabata imeneyo.

Wotsogolera zokambirana asakhale wachipani. A bungwe la NICE, lophunzitsa anthu za demokalase, amathandiza pa zoterezi. Nsalu zachipani ndi nyimbo zonyoza zitsale kunyumba. Wofuna kulankhula Chiyao alankhule, wina amasulire. Amayi apatseni mpata koyambirira, apo ayi madoda amaliza nthawi yonse.

Funsani mwaulemu koma mosazungulira: "Olemekezeka, ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera lathu, chaka chino zagwira ntchito yanji?" Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuboma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho mutha kupemphanso malipoti kukhonsolo.

Mlembi alembe malonjezo onse ndi masiku ake, phungu asainire, mugwirizane zokumananso pakatha miyezi itatu.